Kwa mayi amene analirira galu wawo mobisa

Imelo yanu, mayi, ndinaiwerenga Lachiwiri usiku magetsi atazima, foni itatsala ndi kamoto pang'ono, ndipo tulo tinandithawa. Mwati galu amene mwakhala naye zaka 11 anafa sabata yatha, munakalirira m'chimbudzi cha ku ofesi kuopa anzanu, ndipo bambo akunyumba atakuonani maso ali psuu anati, "Mpaka misozi? Si galu chabe ameneyu?" Ndiye mukufunsa ngati mutu wanu ukuyenda bwino, ndiponso chimene mungachite kuti mumulemekeze.

Mutu wanu uli bwinobwino. Koma mundilole ndizungulire kaye, chifukwa mwandiponda pachilonda.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi malo aja munalemba kuti "anamwalira", kenako n'kuwonjezera kuti "pepani, anafa". Mumapepesa kwa ndani? Komatu ndikukumvetsani. Chilankhulo chathu chinagawa kale zinthu: munthu amamwalira, amatisiya, amatsogola, galu amangofa. Munthu amaikidwa, galu amatayidwa. Tikafuna kunena kuti wina wapita monyozeka timati wafa imfa ya galu, ndipo pokangana mawu oyamba kutuluka m'kamwa ndi akuti "galu iwe". Ndiye munthu woti walira galu, mawu oti anenere chisoni chake akawatenga kuti?

Ine galu woyamba kumulira ndinali ndi zaka 9, kumudzi kwathu ku Ntcheu. Dzina lake anali Mudzatopa. Anamutcha ndi agogo anga aakazi, ndipo dzinalo silinali la galu kwenikweni, linali kalata yopita kwa mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe amene pakamwa pake sipankapuma. Madzulo aliwonse agogo ankaima pakhonde, nkhope ataloza dala kunyumba ija, n'kukuwa kuti "Mudzatopaaa!" Galu n'kumabwera akugwedeza mchira, osadziwa kuti akugwira ntchito ya mtengamakalata. Anali wofiirira, nthiti zowerengeka, makutu odyeka ndi ntchentche. Tikamapita kokumba mbewa anthu atakolola, iye ndiye ankatsogola, ndipo chakudya chake chinali mkute ndi nkhoko za mumphika, basi.

Tsiku limene anafa, amalume anam'manga chingwe kumwendo n'kumukokera kuchigwembe. Mutu unkagunda m'mizere, gu, gu, gu, ndipo phokoso limenelo mpaka lero ndimalimva. Ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumalira. Amalume atandipeza anandikoka khutu: "Ukuchita malodza iwe! Ukulira galu, nanga amako akadzamwalira udzatani?" Ndinapukuta misozi pomwepo. Koma usiku womwewo ndinaona agogo atapala mphika monga mwa masiku onse, n'kutuluka ndi nkhoko m'manja. Anaima pakhomo kanthawi ndithu. Kenako anabwerera m'nyumba nkhoko zili m'manja momwemo, osalankhula kanthu, n'kukagona msanga. Panopa ndi pamene ndimazindikira kuti tinali olira awiri pakhomo paja, kungoti wina anali wamkulu, ankadziwa kubisa.

Wachiwiri ndi Kapitawo, ndipo uyu ndiye chilonda chenicheni. Ndinamugula kwa mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu kuno ku Blantyre, aja amanyamula tiana ta agalu m'mwamba kuonetsa magalimoto. Nthawi imeneyo tinkamanga kanyumba kathu ku Machinjiri, ndipo kagaluko kankangokhala pamwamba pa mulu wa mchenga n'kumayang'ana amisiri ngati kakuwerenga matumba a simenti. Amisiriwo ndiwo anakapatsa dzina. Tinakhala naye zaka 8. Ankadziwa kulira kwa geti ndikamabwera ine, n'kusiyanitsa ndi mmene amatsegulira mkazi wanga. Chaka chimene ntchito inandithera, pamene anzanga ena anayamba kusayankha foni, iye m'mawa uliwonse ankabwera kudzaika chibwano pabondo panga ngati palibe chasintha.

Tsiku lina anasiya nsima. Ndinati mwina wakhuta. Mawa lake anagona tsiku lonse pansi pa mpapaya, mkodzo wake uli wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinamutsegula pakamwa, nkhama zili mbuu. Ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino, koma kunali pa 22, malipiro asanatuluke, ndipo ndinadziuza kuti galu wachikuda salephera kudzuka. Ndinadikira masiku atatu. Pamene ndinkamunyamula kupita naye kuchipatala cha ziweto, kondakitala wa minibasi anandikaniza, mpaka ndinachita kupempha kagalimoto ka mnzanga wa kutchalitchi. Dokotala anati ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, amene amaononga magazi, ndipo amachizika ndithu munthu ukafulumira. Sanandidzudzule. Bola akanandidzudzula. Kapitawo anafa usiku womwewo pa chiguduli, kukhitchini.

Ndinakumba ndekha kuseri kwa nyumba. Dothi la mwezi wa Okutobala, khasu kumangodumpha. Mwana wanga wamkazi anabweretsa kachitenje kake kakale kuti timukulungemo, ndipo mnansi wathu atasuzumira pampanda anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, tiyike masamba pamsewu?"

Apa ndiye pamene ndimapsa mtima, ndipo mundikhululukire. Anthu amene amati "ndi galu chabe" ndi omwewo amagona tulo tofa nato chifukwa panja pali galu. Mlonda timamulipira pamwezi, galu timamulipira makoko a nsima. Akuba okha ndiwo amadziwa mtengo wake weniweni, n'chifukwa chake asanathyole nyumba amayamba aponya kanyama kothira tameki. Wakuba akuchita kumuwerengera galu wako ngati munthu, iwe mwini wake n'kumati palibe chimene wataya? Ayi, pamenepo sindivomera.

Ndikudziwa chimene ena anene m'munsimu: dziko lino anthu akugona ndi njala, zipatala zilibe mankhwala, inu mukulira agalu. Mawu amenewa ali ndi fupa, sindikukana. Koma misozi si ufa woti ukapatsako galu ndiye kuti ana agona ndi njala. Ine maliro a anthu ndakhuza osawerengeka, ndagona panja pa siwa mu Juni, ndanyamula mabokosi mpaka phewa kutupa, ndipo kulira Kapitawo sikunandichotsere kalikonse pa zimenezo. Ndipotu amene amanena za njalazi sindinawaonepo akutenga ndalama imene apulumutsa posalira galu n'kukapatsa wamasiye.

Enanso amati izi n'zachizungu. Zoona, kunja kuli zinthu zimene kuno tingaseke nazo. Ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kuli chipilala cha kagalu kotchedwa Greyfriars Bobby, kamene kanafa mu 1872, ndipo amati kanakhala zaka 14 kakulondera manda a mbuye wake. Ku Tokyo, pa siteshoni ya Shibuya, kuli cha Hachiko, galu amene mbuye wake atamwalira mu 1925 anapitirizabe kukamudikira pasiteshonipo mpaka iyenso anafa mu 1935. Anthu amajambulitsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Koma kodi agogo anga aja, ataima pakhomo ndi nkhoko m'manja, anaphunzira kwa mzungu uti? Funsani mlenje aliyense wakumudzi za galu wake amene anaphedwa ndi nguluwe, muone mmene mawu ake asinthire. Ngakhale m'Baibulo, pamene mneneri Natani ankafuna kumugwira mtima Mfumu Davide, anamusimbira za munthu wosauka amene anali ndi kankhosa kamodzi kokha, kodya naye limodzi ndi kugona pachifuwa pake ngati mwana wake wamkazi. Davide anakwiya koopsa. Sananene kuti "ndi nkhosa chabe".

Ndipo inu mwayi wanu ndi wakuti anali galu. Amene amataya mphaka ndiwo ali pamoto weniweni. Mayi wachikulire wokhala yekha akapezeka akulira mphaka wakuda, mawa lake mudzi wonse wamaliza kale kuweruza mlandu. Mnzanga wina wa ku yunivesite, mphaka wake atafa, anachita kunama kuti akudwala mutu kwa sabata yathunthu. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga tiyike masamba pamsewu?

Ayi. Apa ndisiyana ndi anzanga ena okonda ziweto. Masamba pamsewu, adzukulu, nyimbo za kwaya, chipepeso, zimenezo n'za anthu, ndipo mukazitengera kwa galu mupweteka mtima wa mnansi amene anaika mwana wake mwezi watha. Vuto lathu si lakuti galu alibe bokosi. Vuto n'lakuti maliro a munthu amabwera ndi anthu: wina akufolera madzi, wina akuphika, wina wangokhala nawe pamphasa osanena kanthu. Paja amati maliro n'kulirana. Koma ukataya galu umadzuka m'mawa n'kupita kuntchito ngati palibe chachitika, ndipo chisoni chimakupeza wekha, pa zinthu zing'onozing'ono. Ine chinkandipeza pageti. Miyezi iwiri yathunthu ndinkatsegula pang'onopang'ono, bondo nditatchingira, kuopa kuti angathawire kumsewu. Mbale yake inakhala pakhonde mpaka mvula yoyamba inadzazamo madzi, ndipo amene anaichotsa ndi mkazi wanga, ine kulibe. Ndinamukalipira. Kenako ndinapepesa.

Za bambo akunyumbawo, musafulumire kuwaweruza. Amuna ambiri tinakokedwa khutu kuseri kwa nkhokwe tili ana. Muwaonetsetse madzulo akamatseka zitseko, ngati sakuchedwa pang'ono pamalo pamene galu ankagona.

Zoti muchite

Simunanene ngati munamukwirira kale. Ngati ayi, kapena kwa ena amene zidzawaonekere: kumbani dzenje lakuya, mita imodzi kapena kuposerapo, kutali ndi chitsime, ndipo pamwamba musanjikepo miyala kuti agalu ena kapena afisi asafukule. Ngati mukukayikira poizoni kapena chiwewe, musamugwire ndi manja opanda kanthu, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Wina akakhala kuti analumidwa kapena kukandidwa, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Ana muwauze zoona kuti wafa, osati "wapita kumudzi", chifukwa adzamudikira. Dzalanipo mtengo. Ife tinadzala mpeyala, ndipo chaka chatha unayamba kubereka. Mwana wanga amati ndi mapeyala a Kapitawo, ndipo alendo akafunsa timangoti ndi mtundu wake. Musathamangire kutenga kagalu kena sabata ino, ngakhale abale akupatseni ulere. Mukadzakonzeka, ku mabungwe osamalira ziweto a LSPCA ku Lilongwe kapena BSPCA kuno ku Blantyre kumakhala agalu osowa pokhala. Ndipo ameneyo mudzamubayitse katemera wa chiwewe, muzidzamuchotsa nkhupakupa, ndipo akadzasiya kudya musadzadikire malipiro ngati ine.

Chinanso, mayi. Imelo yanu yonse ija, ndime zisanu, mwangoti "galu wanga", "galu wanga". Simunandiuze dzina lake. Ndilembereninso mundiuze, komanso amene anamutcha, ndi chifukwa chake.