Amatsogola Ndani, Woimba Kapena Wolendewera?

Achimwene ena a ku Lizulu anditumizira imelo. Akuti anaonera kanema pa foni: mwamuna akulendewera pa malamba awiri omangidwa pamwamba pa chitenti, akudzikweza ndi mkono umodzi, koma nyimbo yake yozizira zedi. Akufunsa kuti bwanji osamuikira nyimbo yothamanga, nanga amatsatira mnzake ndani, iyeyo kapena oimba?

Achimwene, nyimboyo saiziziritsa mwangozi. Pa malamba, chovuta si kuzungulira mwaliwiro ayi, koma kukwera pang'onopang'ono kenako n'kuima nji, thupi lonse lili pa mapewa ndi m'manja. Pa mpikisano wa jimunasitiki, wotambasula manja ngati mtanda pa mphete ziwiri ayenera kukhala choncho masekondi 2 kuti oweruza amuwerengere. Masekondi 2 okha! Ndiye mukamuikira nyimbo yamkokomo, anthu ayamba kugwedeza mitu osaona mmene minofu ikunjenjemerera. Nyimbo yodekha imakokera maso kumwambako, ndipo imamupatsa mpata wopuma.

Za kutsogola, inu simuli kutali ndi yankho. Pitani pabwalo la gule wamkulu kuno ku Dedza, muyang'ane woimba mbalule, ng'oma yotsogolera ija. Maso ake sachoka pa mapazi a gule. Gule akasintha sitepe, ng'oma imasintha pomwepo. Makanja akalowa, atakwera pa mitengo yawo italiitali ija, palibe woimba wanzeru amene angawathamangitse. Ku sekasi (chionetsero cha masewera odabwitsa ngati a wolendewerayu) yokhala ndi oimba enieni n'chimodzimodzi: wotsogolera bandi amayang'ana kumwamba. Wolendewera akachedwa kugwira lamba, oimba amabwereza kachigawo komweko mpaka akonzeke. Ng'oma ikayamba kulira mosadukiza, dziwani kuti choopsa chayandikira. Ikangoti zii, ndiye kuti akuchichita.

Masewera a m'mwambawa ndi akale ndithu. Jules Léotard anayamba kuuluka kuchoka pa katungwe wina kupita pa wina ku Paris mu 1859. Sekasi ya ku Canada yotchedwa Cirque du Soleil, yomwe inayamba mu 1984, imapeka nyimbo zakezake ndipo imayenda ndi oimba ake.

Magulu ang'onoang'ono opanda ndalama ya bandi amaika nyimbo yojambuliratu, ndipo apa zinthu zimatembenuka. Sipika sidikira munthu. Wolendewera amawerengera mumtima, ndipo mkono ukatopa msanga amadumpha mbali ina kuti amalizire limodzi ndi nyimbo. Ineyo zoterezi sindizikonda kwenikweni, chifukwa munthu wotopa ali m'mwamba sayenera kuthamangitsidwa ndi makina. Kanema wanuyo muonerenso: ngati nyimbo ikuthera pomwe phazi lake lagunda pansi, mwina panali oimba akumuyang'ana, apo ayi anayeserera kwa miyezi.