Pabwalo amavomera, kumunda amatenthabe mapesi

Mlimi wotsogola wina wa ku Balaka wafunsa kuti: "Alangizi, ndakhala ndikuwauza anthu za kusintha kwa nyengo. Pabwalo onse amavomera, koma ikafika nthawi yososa amatenthabe mapesi. Ndizitani?"

Bambo, anthu anuwo sakukutsutsani. Namondwe wa Freddy anamuona mu 2023, ndipo chilala cha El Niño cha 2024 chinachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Munthu amene chimanga chinamufotera chitangomasula safuna kuopsezedwanso. Mukachulutsa zoopsa amangoti "nanga titani", n'kukhala pansi.

Chimene chimamudzutsa mlimi ndi phindu loti aliona chaka chomwecho, pamunda wa mnzake amene amadziwana naye. Choncho chepetsani misonkhano. Gawani munda wanu wa m'mbali mwa njira pawiri: uku muphimbire ndi mapesi, uku mulime mwa masiku onse. Ng'amba ikagwa mu Januwale aitaneni masana, dzuwa lili paliwombo. Aliyense apise yekha dzanja pansi pa mapesi, amve chinyezi, kenako akaone masamba opotana a mbali inayo. Pamenepo inu musalankhule zambiri, mafunso abwera okha.

Muwafunsenso chimene chikuwaletsa, ndipo mumvetsere ndithu. Nthawi zambiri si ulesi ayi. Mayi amaphimbira bwinobwino, mawa lake ng'ombe za eni zadya mapesi onse, kapena anyamata osaka mbewa ayatsa moto. Ameneyo mungamuuze chiyani chaka chamawa? Iyi ndi nkhani ya amfumu. Mudzi ugwirizane malamulo a ziweto ndi moto wolusa, chindapusa chake chidziwike kwa aliyense.

Za mitengo, ine sindikondwera ndi kudzala chifukwa choti kwabwera kandalama kapena thumba la ufa. Ntchito ikatha, mbande zija palibe amazipalira. Kuli bwino munthu asamale zitsa zophukira zokha m'munda mwake, adulire mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, pakuti zodulirazo ndi nkhuni za lero lomwe. Msangu akaupeza ausiye: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, sutchinga chimanga, ndipo umabwezera chonde.

Musawapemphe munda wonse. Mizere khumi yophimbira kapena ya ngonyeka (timizere topingasa totchinga madzi kuti alowe pansi) ikukwanira poyambira. Pezani anthu atatu kapena anayi ofuna okha, mwa iwo pasalephere kukhala mayi mmodzi, ndipo pokolola muyeze matumba a mbali zonse ziwiri anthu akuona.