Waya wa earth wa inveta pa boti musauponye m'madzi

Achimwene, mwafunsa ngati mungaponye m'madzi waya wa earth (woteteza munthu magetsi akadontha) wa inveta ya pa boti, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala a 230V ngati a m'nyumba. Ayi, waya umenewo usalendewere m'nyanja. Umangeni pa bawuti ya earth yomwe ili pa thupi la inveta, upite ku negative ya batire pomwe injini yalumikizidwa, ndipo ukhale wonenepa pafupifupi ngati wa positive. Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira masentimita 18.

Inveta ya 1000W pa batire ya 12V imakoka ma amp pafupifupi 100. Kawaya kowonda ka m'nyumba kamatentha mpaka pulasitiki kusungunuka, ndaonapo kakununkha pansi pa mpando pomwe panali chigubu cha petulo. Mukamagula ku Limbe, funsani waya wa kopa wa timawaya ting'onoting'ono tambiri m'kati, wofewa, chifukwa wolimba uja amathyoka ndi kugwedezeka kwa injini.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mbali ya 230V. Madzi a ku Mangochi alibe mchere, choncho magetsi akadontha amadutsa m'thupi la munthu wosambira pafupi, minofu n'kuuma, iye n'kumira. Ikani RCD (chipangizo chodula magetsi akayamba kudontha) ya 30mA, ndipo mbali imeneyi muitane katswiri wa zamagetsi wa chiphaso ayeze boti lisanalowe m'madzi.