Kodi ndingazungulire Mangochi pa njinga yobwereka?

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe. Akubwera kuno ku msonkhano wa kuntchito, ndipo ukatha adzakhala ndi masiku awiri opuma. Alemba kuti: "Sindikufuna kumangogona pa loji. Kodi ndingapeze njinga yobwereka n'kumazungulira ndekha m'mbali mwa nyanja? Ndiyambire pati, nanga ndingathe kukafika ku Cape Maclear?"

Achimwene, njinga mudzaipeza, ndipo mwaganiza bwino, chifukwa dera lathu lino ndi lachidikha ndipo limakoma kuliona pang'onopang'ono. Koma dziwani kaye kuti tawuni ya Mangochi sinakhale m'mbali mwa nyanja. Ili pa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi kumpoto ndi nyanja ya Malombe kumwera. Alendo ambiri amatsika minibasi pa boma akuyembekezera mchenga ndi mafunde, n'kupeza msika, mizikiti ndi mlatho. Malo ogona alendo otchuka aja, monga Nkopola ndi Makokola, ali pa mtunda wa makilomita oposa 20 kumpoto, pa msewu wa ku Monkey Bay. Monkey Bay yeniyeniyo ili pa makilomita oposa 60, ndipo kuti mukafike ku Cape Maclear muyenera kupatuka n'kukwera zitunda za m'nkhalango ya Lake Malawi National Park. Pa njinga ya eni, yopanda magiya, dzuwa la kuno likuswa mtengo, ulendo umenewo musauyese. Ngati mtima uli ku Cape Maclear, kwerani galimoto, mukabwereke njinga konko.

Tsono njingayo muipeza bwanji? Ngati mukugona ku maloji a m'mbali mwa nyanja, yambani mwafunsa pomwepo, chifukwa ena amasunga njinga za alendo. Ngati muli pa boma, anthu oti mukambirane nawo ndi a kabaza. Njinga zamoto zachuluka masiku ano, koma a njinga zakapalasa akadalipo ambiri, makamaka cha kumsika ndi kufupi ndi mlatho.

Apa ndikupemphani kuti mumvetse bwino. Kwa munthu wa kabaza njinga ndiye munda wake: ufa, ndiwo ndi fizi ya ana zimachokera pamenepo. Mukaitenga tsiku lonse ndiye kuti tsiku limenelo sagwira ntchito. Choncho musanenerere ngati mukugula tomato. Mufunseni kuti pa tsiku labwino amapeza ndalama zingati, mumupatse zimenezo, muwonjezereko pang'ono. Ine ndimalangiza kuti musakambirane awiriwiri pa msewu. Pemphani wogwira ntchito pamalo pomwe mukugona akuperekezeni kwa wa kabaza yemwe amamudziwa, kapena mukambirane pamaso pa anzake a pa siteji. Mupatsane manambala a foni, mupereke theka la ndalama poyamba, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mugwirizane nthawi yobweza ndiponso yemwe adzalipire china chake chikawonongeka. Chiphaso cha unzika musasiye ngati chikole, mungachifune pa rodibuloko. Ndipo akakana musakhumudwe. Si aliyense angapereke njinga yake kwa munthu yemwe wamuona lero lomwe. Ena amasankha kuti apeze njinga yachiwiri n'kukuperekezani, ndipo kwa mlendo njira imeneyi ndi yabwino koposa, chifukwa mumakhala ndi munthu wodziwa tinjira ndi Chiyao.

Musananyamuke ikwereni kaye pang'ono. Gwirani mabuleki onse awiri, onani ngati tcheni sichikugwa, ngati matayala sanaperepeseke, ngati belu likulira, ndipo akukwezereni kapena kukutsitsirani chishalo kuti mawondo asakupwetekeni. Kuphulika kwa chubu kusakuopseni: tinjira ta kuno tili ndi minga, koma pafupifupi pa malo ochitira malonda aliwonse pali wokonza njinga pansi pa mtengo, ali ndi pampu ndi zomatira. Ingosungani ndalama zing'onozing'ono m'thumba.

Tsiku loyamba likhale la m'tawuni. Yambirani pa nsanja ya wotchi yomwe ili pafupi ndi mlatho, imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria yomwe inamwalira mu 1901. Anthu amaidutsa tsiku ndi tsiku osaima, koma pamenepo pali mbiri yambiri ya nyanja yathu. Tawuni ino inayamba m'zaka za m'ma 1890 ngati linga la asilikali a Britain lotchedwa Fort Johnston, potengera dzina la Harry Johnston, ndipo analiika pano dala: aliyense wochoka kunyanja kutsikira ku Shire, kuphatikizapo ogulitsa akapolo, ankayenera kudutsa pakhosi pamenepa. Pambali pa nsanjayo mudzaona mfuti yaikulu ya mtundu wa Hotchkiss yochokera mu sitima yankhondo ya Gwendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba, sitimayo motsogozedwa ndi Captain Rhoades inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda poikonza. Mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo anali mnzake wa Rhoades, ndipo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya, yomwe inamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946 n'kupha anthu 145. Ine ndimaona kuti chikumbutso chimenechi n'chofunika kuposa mfuti ija, chifukwa ambiri mwa omwe anamirawo anali anthu wamba a dziko lino, ndipo ana athu ambiri sanamvepo za ngoziyi. Pafupi pomwepo pali Lake Malawi Museum, m'nyumba yakale ya Gymkhana Club. Lowani, simutaya nthawi.

Mukatero kwerani mlatho wa Bakili Muluzi, womwe unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Tsikani pa njinga, muikankhe, muime pakati muone Shire ali phee, asodzi ali m'mabwato, migwalangwa ili ndandanda kutsidya. Kumunsi kwa madziwo kuli ng'ona ndi mvuu, choncho ngakhale thukuta litachuluka bwanji musatsikire kumtsinje kukasamba. Masana kadyeni nsima ya chambo, kapena ya usipa ngati thumba lapepuka, kenako mupume mpaka dzuwa litapendeka.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe mukaone nyanja, ndipo muli ndi njira ziwiri. Yodziwika ndi ya ku Monkey Bay, kudutsa kwa Mponda mpaka ku Makawa ndi Nkopola. Msewu ndi wa phula komanso wopanda zitunda, koma umayenda minibasi, malole ndi magalimoto a alendo othamangira kunyanja, makamaka Lachisanu ndi Loweruka. Komanso nyanja simuiona muli pa msewu. Muyenera kupatukira kumanja m'tinjira tamchenga, ndipo malo ambiri a m'mbali mwa madzi ali ndi mipanda ya maloji ndi nyumba za anthu. Funsani njira yopita ku doko la asodzi, kumeneko n'komwe mungafike pamadzi popanda kulipira pa geti.

Ine ndikanakhala inu ndikanalowera kutsidya, ku Malindi. Mukawoloka mlatho n'kuyenda pang'ono, msewu wa ku Makanjira umapatukira kumanzere. Wopitirirawo umakwera phiri kupita ku Namwera ndi ku malire a Chiponde, umenewo usiyeni. Malindi ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Kumeneko kuli mishoni yakale ya Anglican, chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya sekondale, mapiri ali kumbuyo, nyanja ili patsogolo. Magalimoto ndi ochepa, ndipo mumadutsa m'midzi, pa milambe ikuluikulu ndi pa mathandala oyanikapo nsomba. Madzulo a tsiku loyamba mufunse a kabaza mmene msewuwo ulili, makamaka ngati kwagwa mvula, chifukwa iwo amauyenda tsiku lililonse. Kumbukiraninso kuti mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'maloji ena, moti malo amene mnzanu anasewerapo pa mchenga zaka zapitazo mwina asintha.

Njira zonse ziwirizi zimalowera kumpoto, ndipo apa mphepo ili ndi mawu. M'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, kumaomba mwera wochokera kumwera. Popita udzakukankhani kumsana, mudzaona ngati muli ndi mphamvu zambiri, koma pobwerera mudzalimbana nawo miyendo itatopa kale. Musapite patali kuposa pomwe mungathe kubwerera. Mu Okutobala ndi Novembala vuto ndi kutentha: nyamukani m'mamawa kusanatenthe, ikamakwana 10 koloko mukhale mwafika, ndipo mubwerere dzuwa litafooka. Tengani madzi akumwa ochuluka ndi chipewa. Yendani kumanzere kwenikweni, ndipo mukamva lole ikubwera kumbuyo tsikirani m'mbali, musalimbane nayo. Mdima usakupezeni pa msewu, njinga zambiri zilibe nyali.

Za kusambira, pewani malo a bango ndi madzi odikha a pafupi ndi midzi, chifukwa n'komwe kumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ngati mwalowa m'madzi, mukabwerera ku Lilongwe mukawauze a chipatala kuti akuyezeni pakapita milungu ingapo.

Anthu ambiri kuno ndi Ayao ndipo ambiri ndi Asilamu. Lachisanu masana mashopu ena amatseka anthu akapita ku mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan si ulemu kudya kapena kumwa poyera pakati pa anthu osala. Valani modzilemekeza podutsa m'midzi, musajambule amayi akuchapa kapena kusamba pa doko, ndipo pemphani kaye musanajambule asodzi ndi maukonde awo. Mukapeza maliro m'njira, tsikani pa njinga muikankhe mpaka mutadutsa. Chichewa amamva pafupifupi aliyense, koma mukayamba ndi "Ali uli?" kwa agogo omwe mukuwafunsa njira, adzakulongosolerani mpaka ndi mtengo woti mukakhotere.

Pobweza njinga fikani pa nthawi yomwe munagwirizana, ndipo ngati mwachedwa muimbireni mwini wake asayambe kuda nkhawa. Ngati munamatitsa chubu kapena mwathyola sipoko, muuzeni ndipo mulipire. Mukadziwa tsiku lenileni lofika, ndilembereninso mundiuze komwe mukagone, kuti ndikuuzeni ngati kuli bwino kuyambira pa boma kapena cha ku Makawa.