Za makina a pulasitiki amene msuweni akufuna kupanga

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupa, loti msuweni wanga akukupemphani ndalama kuti apange yekha makina otulutsa tizipangizo ta pulasitiki, ndiye mukufunsa ngati n'zoona kapena angodya ndalamazo. Kulemba kunditalikira, bola ndingoyankhula.

Mnyamatayo sakunama ayi. Makinawo amati 3D printer. Amakoka chingwe cha pulasitiki chimene amati filament, chonenepa mamilimita 1.75, n'kuchisungunula pa madigiri 200 kapena kuposerapo pang'ono, kenako chimatulukira pa kamlomo kokhala ndi kabowo ka mamilimita 0.4. Kamlomoko kamayenda uku ndi uku kakusanja mzere pamwamba pa unzake, monga amachitira amayi oumba mbiya ndi dongo. Mzere umodzi ndi wopyapyala zedi, mamilimita 0.2, n'chifukwa chake kanthu kongokwana m'dzanja kamatha maola angapo.

Zodzipangira wekhazi sizinayambe lero. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Bath ku England, Adrian Bowyer, anayambitsa ntchito yotchedwa RepRap mu 2005, ndipo mapulani ake anawapereka ulere kwa aliyense. Ku Lomé, dziko la Togo, Afate Gnikou anapanga yake mu 2013 ndi zotsalira za makompyuta otayidwa. Ndiye kutheka kumatheka.

Tsono imvani pamene ndalama zingapulumuke. Amota ofunika ndi aja oyenda modumphadumpha, amati stepper, saizi yake NEMA 17, ndipo pamafunika anayi kapena asanu. Apite kwa okonza mafotokope m'tauni akafunse makina akufa. Asavutike ndi timapulinta tating'ono tapanyumba, ambiri amota ake si amtundu umenewo. Mafotokope akuluakulu ndi mapulinta akale aphokoso aja ndiwo amakhala nawo, komanso mumapezeka timitengo tachitsulo tosalala toyendapo kamlomo. Akapeza kamtengo, akagubuduze pa galasi. Kakamagwedera, n'kokhota, akasiye pomwepo. Bokosi la magetsi la kompyuta yakale limapereka 12V, nalonso ligwira ntchito.

Felemu ndiye pamene ambiri amagwa. Msuweni akuuzani kuti anyamata owotcherera a ku Kalingalinga mu Lusaka muno amupangira tsiku limodzi. Manja ali nawo anyamata aja, sinditsutsa, koma chitsulo chikawotchedwa chimakoka, ndipo geti likakhota mamilimita awiri palibe amadziwa, pomwe pano mamilimita awiri ndi mizere khumi. Ine ndingasankhe thabwa lochindikala la plywood kapena aluminiyamu womanga ndi mabawuti, kuti pakakhota umasule n'kuwongola. Ayeze ndi tepi kuchoka ngodya iyi kufika ngodya yopingasa, mbali zonse ziwiri. Manambala akasiyana, chozungulira chilichonse chimene adzatulutse chidzakhala ngati dzira.

Koma pali zinthu zosayenera kutola pa dzala. Bolodi loyendetsa, ambiri amayambira pa Arduino Mega ndi RAMPS 1.4, malamba a GT2, makamaka chotenthetsa cha pakamlomo ndi kachipangizo koyeza kutentha. Amalume, apa ndiye mundimvetsetse. Kachipangizo kameneko kakasololoka, bolodi limayesa kuti kwazizira n'kumangowonjezera moto. Pulogalamu ya Marlin yoyendetsa bolodilo ili ndi chitetezo chozimitsa zikatero, amati thermal runaway protection. Mumufunse ngati wachiyatsa. Akayamba kukanda m'mutu, makinawo asagone m'nyumba mwanu ali oyaka.

Nanga magetsi athuwa? Chinthu cha maola asanu ndi limodzi, magetsi n'kuthima pa ola lachisanu, kawirikawiri chonsecho chapita. Ngati inivetala yanu ija ikadali bwino, imuthandiza. Chimene chimadya moto kwambiri ndi mbale yotentha yapansi imene chinthucho chimasanjidwirapo, koma pulasitiki ya PLA imamatirira ngakhale pa galasi lozizira ukapakapo guluu uja wa ana asukulu. Kungoti PLA imafewa pa madigiri 60. Kachipangizo ka m'galimoto yoimikidwa padzuwa mu Okutobala, mukakapeza katapindika. Za m'galimoto ndi zapanja agwiritse pulasitiki ina yotchedwa PETG.

Tsopano chimene mwina iye sanakuuzeni. Ukamaitanitsa chimodzichimodzi kuchokera ku China, uku mtengo wotumizira, uku msonkho, kwina chabwera cholakwika udikirenso mwezi, ndalama zimakafika pafupi ndi mtengo wa makina athunthu. Ender 3 ya kampani ya Creality inatuluka mu 2018 pa madola pafupifupi 200, imabwera m'katoni, iwe n'kungomanga. Ngati cholinga n'kuphunzira mmene makina amayendera, apange yekha, adziwa zambiri zedi. Ngati cholinga ndi bizinesi, agule ya m'katoniyo, yodzipangira idzabwera pambuyo, poti makina oyambawo adzamutulutsira tizigawo tina ta achiwiri.

Ndipo ndalama sizili pa makinawo, zili pa kujambula. Tizidole tokopera pa intaneti aliyense angatulutse, ndani agula? Munthu amalipira ukamupangira chimene chasowa ku msika wa Kamwala konse: kogwirira shelefu ya filiji kothyoka, kopotokolera fani, kagiya ka makina osokera. Zimenezo uyenera kuyeza wekha n'kujambula pa kompyuta. Pulogalamu yojambulira ya FreeCAD ndi yaulere, Tinkercad nayonso, ndipo laputopu ali nayo kale.

Ndiye ndalama zonse musamupatse kaye. Mugulireni choyezera chija amati vernier caliper, sichidula kwambiri. Asakesake zinthu zitatu zothyoka pakhomo panupo, aziyeze, azijambule. Alipo anthu mu Lusaka muno amene makinawa ali nawo kale ndipo amatulutsira ena pa malipiro, akalipire kamodzi tione ngati chimene wajambulacho chilowa pamalo pake. Chikalowa, ine ndiwonjezerapo pa zanuzo. Mumuuze anditumizire mndandanda wake wa zogula usiku uno pamodzi ndi mitengo, chifukwa ndikukayikira kuti filament yeniyeniyo sanaiwerengere, ndipo imagulitsidwa pa kilo. Moni kwa azakhali.