Kodi maphunziro a zojambula a pa intaneti angathandize munthu wosoka ndi kuluka pakhomo?

Mayi wina wa ku Zomba andilembera imelo yomwe ndaona kuti ndiiyankhe pagulu, popeza funso lawo likukhudza anthu ambiri ogwira ntchito zamanja. Akuti amasoka zikwama ndi zovala za mapilo pogwiritsa ntchito zidutswa za zitenje zomwe amatola kwa atelala, ndipo madzulo amaluka tinsalu ta patebulo, koma zinthu zawo zonse zayamba kufanana, moti iwo eni zimawakwana zisanafike n'komwe kwa wogula. Mwana wawo wawauza kuti pa intaneti pali maphunziro a zojambula. Iwo akufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kutayirapo ndalama ndi bandulo pomwe sajambula ndipo alibe cholinga chodzakhala wojambula, komanso akufunsa kuti angayambire pati ndiponso za satifiketi za maphunzirowa.

Mayi, maphunzirowo angakuthandizeni kwambiri, malinga mukadziwa chimene mukukafuna kumeneko. Mmene ndaiwerengera kalata yanu, manja anu afika kale patali, ndipo chomwe chatsalira m'mbuyo ndi diso, kutanthauza luso loona chifukwa chimene nsalu ziwiri zikugwirizana pamene zina ziwiri zikulimbana, kapena chifukwa chimene chikwama china chimakopa munthu ali patali pomwe chinzake, chosokedwa bwino chimodzimodzi, anthu amangochidutsa. Luso limeneli limaphunzitsidwa m'maphunziro a zojambula kuposa m'maphunziro a kusoka, ndipo n'chifukwa chake sindikukulangizani kuti muyambe ndi kosi ina ya zikwama, yomwe ingangokupatsani chikwama chimodzi chatsopano choti muzichibwereza mpaka nacho chikukwaneni.

Maganizo amenewa si atsopano. Sukulu ya Bauhaus, yomwe Walter Gropius anaitsegula mu 1919 mumzinda wa Weimar ku Germany, inkafuna kuti wophunzira aliyense ayambe wadutsa m'maphunziro a mitundu, maonekedwe a zinthu ndi khalidwe la zipangizo, asanalowe m'chipinda choombera nsalu, choumbira mbiya kapena chopalira matabwa. Anni Albers, yemwe analowa sukuluyi mu 1922, anasanduka katswiri woomba nsalu, moti mu 1949 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inachita chionetsero cha nsalu zake zokha. Mwamuna wake, Josef Albers, atapita kukaphunzitsa ku America, ankaphunzitsa za mitundu pogwiritsa ntchito mapepala odula m'malo mwa utoto, ndipo njira yakeyo ndi imene aphunzitsi ambiri a pa intaneti akuitsatira mpaka lero. Inu muli ndi mwayi chifukwa thumba lanu la zigamba lingagwire ntchito yomweyo.

Ndikupatseni chitsanzo cha zomwe mudzakumane nazo m'kosi ya mitundu, kuti muone nokha ngati zingakupindulireni. Tengani kansalu kopanda maluwa, tinene kotuwa, mukadule pawiri, ndipo theka limodzi muliike pa nsalu yakuda, linalo pa nsalu yachikasu. Mukabwerera m'mbuyo pang'ono mudzaona ngati zidutswazo zinachokera ku nsalu ziwiri zosiyana, chifukwa diso limaweruza mtundu potengera umene wayandikana nawo. Kenako yalani pamphasa zigamba zonse zomwe mukufuna kuphatikiza m'chikwama chimodzi, muzijambule ndi foni, ndipo chithunzicho muchisinthe chikhale chakuda ndi choyera chokha. Kawirikawiri mudzapeza kuti chofiira, chobiriwira ndi chabuluu zomwe mumaziona ngati zosiyana kwambiri zasanduka zotuwa zofanana, ndipo ichi ndicho chifukwa chake chikwamacho chimaoneka chosokonekera ngakhale chili ndi mitundu yambiri. Chikusowekapo ndi kusiyana pakati pa chodera ndi chowala. Mukachotsa zigamba ziwiri n'kuikapo chimodzi chakuda bii ndi china choyererako, maluwa a chitenje amayamba kuoneka. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zochepa, koma ndikukhulupirira kuti ingasinthe kasankhidwe kanu ka nsalu kuposa mavidiyo ambiri a kasokedwe.

Phunziro lachiwiri lomwe ndingakonde kuti mulifunefune ndi la kapangidwe ka patani yobwerezabwereza, ngati imene imadindidwa pa zitenje. Njira yake yakale ndi yosavuta. Mumajambula masamba kapena nsomba pakati pa pepala la mbali zinayi zofanana osakhudza m'mphepete, kenako mumalidula pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kusinthanitsa magawowo kuti lakumanja lipite kumanzere, ndipo mumawamata kumbuyo ndi selotepi. Mumachitanso chimodzimodzi mopingasa. Pakati pa pepalalo pamatsala malo opanda kanthu omwe mumawadzaza ndi zojambula zina, ndipo mukafotokopa pepalalo n'kuyala makopewo moyandikana, mizere yonse imalumikizana popanda msoko woonekera. Munthu wodziwa zimenezi angatenge nsalu yoyera yotsika mtengo, kusema chidindo pa mphira wa patapata wakutha kapena pa mbatata, n'kudinda nsalu yakeyake yomwe palibe wina aliyense mumsika angakhale nayo.

Tsopano za komwe mungawapeze. Yambani ndi YouTube, chifukwa kumeneko mumalipira bandulo yokha, ngakhale kuti vuto lake ndi lakuti mavidiyo salondolozana, ndipo munthu amatha usiku wonse akudumphadumpha osamaliza kanthu. Domestika, yomwe inayambira ku Spain, ndiyo ili pafupi kwambiri ndi zofuna zanu, popeza ili ndi makosi ambiri a kupeta, kudinda nsalu, kuluka ndi kusakaniza mitundu, ojambulidwa moonetsa bwino manja a mphunzitsi, koma dziwani kuti aphunzitsi ambiri amalankhula Chisipanishi ndipo nthawi zina muyenera kumawerenga mawu a Chingerezi pansi pa vidiyo, chomwe ndi chovuta pa foni yaing'ono. Craftsy ya ku America imatsindika za kusoka, kuluka ndi kulumikiza zigamba. Skillshare imalipiritsa ngati membala, ndipo makosi ake ambiri ndi aafupi, pamene Udemy imagulitsa kosi imodziimodzi. Pa Coursera pali makosi okonzedwa ndi Museum of Modern Art yomwe ndaitchula ija, amene amaphunzitsa kuyang'ana ndi kumvetsa ntchito za akatswiri kuposa kupanga zinthu. Palinso Drawabox, yomwe maphunziro ake owerenga ndi aulere, koma ndi ya anthu ofuna kujambula mwakhama, moti pena imakuuzani kuti mujambule mabokosi 250, ndipo sindikuona kuti inu mukufunika zimenezo pakadali pano.

Pa nkhani ya ndalama ndikuchenjezeni kolimba. Makosi olipira amafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja, ndipo mitengo yake imakhala m'madola, kotero kuti kwacha ikagwa mtengo wanu umakwera. Masamba ambiri a mtunduwu amakopa anthu ndi masiku oyesera aulere, koma amayamba atenga nambala ya khadi, ndipo mukaiwala kuletsa nthawiyo isanathe amadula ndalama okha, nthawi zina za chaka chathunthu. Ndaonanso kuti kosi yotsika mtengo kwambiri nthawi zina imabwera yomangiriridwa ku umembala woterewu, choncho werengani mawu ang'onoang'ono a pafupi ndi batani lolipirira, kapena mwana wanu akuwerengereni, musanadine. Langizo langa ndi lakuti musalipire kanthu mpaka mutamaliza ntchito zingapo kuchokera ku mavidiyo aulere, chifukwa pamenepo ndi pomwe mudzadziwe chimene chikukusowani. Bandulo mungaiteteze potsitsa ubwino wa vidiyo kufika pa 360p pamene mphunzitsi akungolankhula, n'kuukweza pokhapokha akuonetsa msoko kapena mfundo ya ulusi, komanso posunga vidiyo m'foni pamene muli pa Wi-Fi ngati tsambalo likulola.

Chinthu chomwe chimagwetsa ulesi anthu ambiri kuno kwathu ndi mndandanda wa zipangizo. Mphunzitsi wa ku London kapena ku Madrid amatchula pepala, utoto ndi maburashi omwe ngakhale ku Limbe simungawapeze, ndipo wophunzira amaganiza kuti sangayambe mpaka zonse zitakwana. Pamenepa dzifunseni kuti chipangizocho chikugwira ntchito yanji, ndipo mufune cha pakhomo chomwe chingagwire ntchito yomweyo. Makala a pambaula amajambula bwino pa pepala lokhakhala, tiyi wowirira amadetsa pepala ndi nsalu ya thonje, ndipo makoko a anyezi owiritsidwa amatulutsa utoto wachikasu chodera, ngakhale kuti pa thonje utoto wa zomera umasuluka msanga nsaluyo ikapanda kukonzedwa kaye ndi mankhwala ogwiritsa utoto otchedwa alamu (alum). Komabe pali malo ena pomwe kusintha sikutheka, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Utoto wa acrylic wopakidwa wokha pa nsalu umauma gwa ndipo umasweka pochapa, choncho pa zikwama zogulitsa gulani utoto wa nsalu weniweni, muusite ndi simbi ukauma. Makosi a kuumba nawo amatengera kuti muli ndi uvuni wofika madigiri oposa 1,000, pamene mbiya za mtapo zowotchedwa ndi nkhuni pabwalo sizifika pamenepo, kotero kuti zopaka zonyezimira za m'mavidiyowo sizingasungunuke bwino pa moto wathu.

Popeza mumaluka, samalaninso ndi kusiyana kwa mayina a mfundo pakati pa America ndi Britain. Mfundo imene a ku America amaitcha single crochet, a ku Britain amaitcha double crochet, ndipo mayina enawo amasunthanso motsatira pamenepo, moti mukatsatira malangizo osadziwa kumene achokera, nsalu yanu ingatuluke yaitali kapena yaifupi kuposa yoyembekezeka. Miyeso ya ku America imakhala m'mainchi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Tepi yoyezera ya atelala ili ndi zonse ziwiri, mbali iyi ndi iyo.

Kuti phindu lioneke, tengani kosi imodzi yokha pa nthawi, ndipo musapite ku vidiyo yotsatira musanachite ndi manja zimene yoyambayo yaphunzitsa, pa nsalu yanu, sabata yomweyo. Kuonera kumanyenga, chifukwa manja a katswiri amachititsa chinthu kuoneka chophweka ndipo woonerayo amadzimva ngati wachidziwa kale. Gulani kope wamba la ana asukulu, muzimatamo tizigamba tomwe mwayesa kuphatikiza ndi kulemba pambali chimene chagwirizana ndi chimene chakanika, ndipo zoyeserazo musaziwerengere ngati katundu wogulitsa, chifukwa zambiri mwa izo sizidzakhala zokongola.

Diso limene mudzalipeze ku maphunzirowa mudzaligwiritse ntchito pa zinthu zomwe zakuzungulirani, kuopa kuti zikwama zanu zingasiye kufanana zokhazokha n'kuyamba kufanana ndi za anthu onse a pa tsamba la zithunzi la Pinterest. Yang'anitsitsani lichero mmene nsungwi zake zadutsirana mopendekera, kapena mkeka wa mulaza mmene mizere yonyikidwa mu utoto ikusinthirana ndi yosanyika, ndipo mudzaona kuti agogo athu ankadziwa kale za patani yobwerezabwereza. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawavomereza mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse, ndipo zojambula zofiira za Akafula kumeneko ndi za mizere, madontho ndi zozungulira zomwe wopeta aliyense angaphunzirepo. Ku Mua, malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anawayambitsa mu 1976 aphunzitsa osema ndi ojambula ambiri kuchokera m'midzi yozungulira. Ndingowonjezera kuti zojambula zoyera za ku Chongoni ndiponso nkhope za Gule Wamkulu n'zokhudza chinamwali ndi dambwe, ndipo eni ake amazilemekeza, choncho si zoti munthu angozidinda pa pilo chifukwa choti zamusangalatsa.

Popeza mumagulitsa zimene mumapanga, dziwaninso kuti patani imene mphunzitsi wapereka m'kosi ndi yake, ndipo ena amalemba poyera kuti ndi yophunzirira basi, osati yopangira malonda. Njira imene wakuphunzitsani mungaigwiritse ntchito momasuka, koma chojambula chake chenicheni musachikope n'kuchiika pamsika musanaone zimene walola. Za satifiketi, zomwe munazitchula kumapeto kwa kalata yanu, musazivutikire, chifukwa mapepala operekedwa ndi masamba ngati Domestika kapena Udemy amangosonyeza kuti munamaliza kuonera kosi, ndipo sali ngati satifiketi yovomerezedwa ndi TEVETA. Ngati tsiku lina mudzafune pepala lofunsira ntchito kapena lotsegulira sukulu ya zosoka, pitani ku koleji ya ntchito zamanja yovomerezeka, pomwe mphunzitsi adzatembenuza chikwama chanu n'kuona misoko yam'kati.