Sankhani nyama imene ingakusinthitseni kamangidwe ka khola

Achimwene, funso lanu ndaliona m'mawa ndipo lakhala likundizungulira m'mutu tsiku lonse. Mwafunsa kuti opanga gemu ija yomanga zuu, malo osungira nyama zakutchire zoti anthu aziona, atatipatsa mpata wosankha nyama zoti awonjezere, tingasankhe ziti, ndipo mwanena kale kuti inu mtima uli pa tiger woyera. Ine magemu amtunduwu ndinayambira pa Zoo Tycoon, ija inatuluka mu 2001, ndipo mpaka lero sindinawasiye, choncho mundilole nditalikitseko pang'ono.

Ndiyambe ndi tiger wanuyo. Kukongola ndi wokongola, palibe angatsutse. Koma tamuikani mu gemu muone chimene chisinthe. Khola lake ndi lomwe lija la tiger wamba: mpanda wautali, dziwe, mitengo, nyama yaiwisi. Mumanga zomwe munamanga kale, kusiyana kwake ndi ubweya basi, ndipo pakatha sabata mwamuiwala. Komanso nkhani yake yeniyeni ndi yomvetsa chisoni. Tiger woyera si mtundu wapadera ayi, ndi tiger wa ku Bengal amene watengera chibadwa chosowa kwa makolo onse awiri. Ambiri amene ali m'makola lero ndi zidzukulu za mmodzi, Mohan, amene anagwidwa ku Rewa ku India mu 1951 n'kudzakweretsedwa ndi mwana wake yemwe kuti ana oyera abadwe. Kukwatitsa pachibale koteroko kwabala ana ambiri amaso opingasa ndi zilema zina, mpaka bungwe la ma zuu a ku America lotchedwa AZA linaletsa mamembala ake kuweta nyama mwa njira imeneyi mu 2011. Gemu imene imatiuza kuti tikuteteza nyama sindikuona chifukwa choti iyambire pamenepo.

Ine poyeza nyama ndimadzifunsa chinthu chimodzi: kodi ikabwera, indichititsa kumanga chinthu chimene sindinamangepo? Paja gemuyi ndi yomanga. Nyama yabwino ndi imene imakugwetsetsa mpanda umene unkaunyadira n'kuyambiranso kuganiza.

N'chifukwa chake voti yanga yoyamba ikupita kwa kanyama kamene ambiri amakanyoza chifukwa cha maonekedwe, mfuko wopanda ubweya wa ku Ethiopia, Kenya ndi Somalia, uja amamutcha naked mole-rat. Ameneyu khola lake si bwalo lokhala ndi mpanda. Ndi mauna. M'ma zuu enieni amamumangira tizipinda tolumikizana ndi mapaipi agalasi, alendo n'kumaona moyo wapansi pa nthaka ngati akusuzumira m'chulu chodulidwa pakati. Amakhala ngati chiswe kapena njuchi: pagulu la nyama makumi angapo, nthawi zina mpaka 300, yobereka ndi imodzi yokha, mfumukazi, ndipo amphongo oikwera sapitirira atatu. Ena onse ndi antchito, okumba, osesa, olera ana, alonda. Ali ndi chipinda chogona, chosungira chakudya, ngakhale chimbudzi chawochawo. Thupi lawo silitha kudzisungira kutentha bwino, ndiye mapaipi aja ukawasiya azizire gulu lonse livutika. Tsono taganizani mfumukazi itafa mu gemu. Kutchire zikatero zazikazi zimamenyana, nthawi zina mpaka kuphana, kufikira imodzi italowa ufumu. Wosewera angafunike kusankha kuti alowererepo, agawe gululo pawiri, kapena angozisiya. Ndipo kanyama kongokwana m'dzanja aka kamatha kukhala zaka zoposa 30, pamene mbewa ya msinkhu womwewo zaka zinayi n'zambiri. Mu 2017 akatswiri anaonetsa kuti kamapirira mphindi 18 popanda mpweya wa okosijeni n'kudzukanso bwinobwino. Chikwangwani cha pakhola pake chokha chingaimitse alendo kuposa mkango wogona tsiku lonse.

Wachiwiri ndi chiuli, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: amathawa. M'magemu ambiri nyama imathawa pokhapokha mpanda wathyoka kapena waiwala kuukonza. Chiuli sadikira zimenezo. Ku Moholoholo, malo osamalira nyama zakutchire ku South Africa, kuli mbiri ya chiuli wotchedwa Stoffel, amene anasowetsa mtendere omusamalira kwa zaka. Ankatsegula zitseko zotsekedwa ndi mabawuti. Atamumangira khoma lasimenti, anayamba kuunjika miyala pakona n'kukwerapo. Atachotsa miyala, anaumba mibulu yamatope. Wantchito akaiwala chida chake m'khola, iye ankachitsamiritsa kukhoma n'kuchisandutsa makwerero. Tangoganizani gemu imene mtengo uliwonse, mwala uliwonse umene waika m'khola pofuna kukongoletsa, chiuli akuuona ngati njira yotulukira. Pamenepo kukongoletsa ndi chitetezo ziyamba kukokana, ndipo kukokana kumeneko ndiye kukoma kwa gemu.

Palinso nyama zimene zimamanga zokha, iwe n'kumangotsatira. Beaver, nyama ya m'mitsinje ya mano akuthwa ya ku North America ndi Europe, amagwetsa mitengo n'kutseka mtsinje, kotero madzi amene unawakonza bwinobwino ungawapeze asefukira m'njira ya alendo. Atchete a ku Kalahari, aja amamanga chisa chimodzi chachikulu ngati denga laudzu, amakhalamo mabanja oposa 100, ndipo chisacho chimakula chaka ndi chaka mpaka nthambi kuthyoka. M'zipinda zina za chisa chomwecho mumalowanso kamphamba kakang'ono kwambiri ka mu Africa n'kumaikiramo mazira. Khola lotero silikhala chimodzimodzi ukalisiya n'kubwerako.

Koma pamene mtima wanga wagona kwenikweni ndi pa nyama zimene zikanatha padziko pakanapanda ma zuu. Apa ndi pamene gemu ingatipatse ntchito yolemera kuposa kuwerenga ndalama za pakhomo. Tengani muimba wamkulu wa ku California wotchedwa condor, wa mapiko otambasuka pafupifupi mamita atatu. Pofika 1987 inatsala 27 yokha padziko lonse, ndipo yonse imene inali kutchire inagwidwa n'kuikidwa m'manja mwa ma zuu a ku San Diego ndi Los Angeles. Vuto linali lakuti mbalameyi imaikira dzira limodzi lokha, kawirikawiri kamodzi pa zaka ziwiri. Osamalira anapeza nzeru: ukachotsa dzira loyambalo, yaikazi imaikira lina. Dzira lochotsedwalo ankaliswetsa m'makina, ndipo mwanapiye ankamudyetsa ndi chidole chovala kudzanja chooneka ngati mutu wa kholo lake, kuti asazolowere nkhope ya munthu. Mu 1992 anayamba kuibwezera kutchire, ndipo lero yadutsa 500. Komabe nkhondo sinathe, chifukwa ikadya nyama yophedwa ndi zipolopolo zamtovu imadwala n'kufa. Zonsezi ndi gemu kale, sizikusowa kuwonjezera kanthu. Utenge dzira kapena ulisiye? Mbalame iyi uitulutse chaka chino kapena uisunge kuti ibereke? Ndipo khola lake labwino ndi limene alendo salifikira n'komwe, kutanthauza kuti ukuwononga ndalama pa chinthu chimene sichikubwezera kalikonse pakhomo. Ndikufuna gemu imene ingandiike pa mphambano yoteroyo.

Nkhani zofanana nazo zilipo zingapo. Arabian oryx, mbawala yoyera ya m'chipululu ya nyanga zowongoka, inatha kutchire mu 1972, koma gulu limene linayamba ndi nyama zisanu ndi zinayi ku Phoenix Zoo ku America linaswana mpaka zina zinabwezedwa ku Oman mu 1982. Hatchi yakutchire ya Przewalski inaoneka komaliza kutchire mu 1969, ndipo inabwerera ku Mongolia mu 1992, pamene buku la mibadwo yake limasungidwa ku Prague Zoo m'dziko la Czech Republic. Zonse zimene zilipo lero zinachokera kwa makolo ongopitirira pang'ono khumi. Ndi nyama zoterezi, kudziwa kuti uyu ndi mwana wa yani kumasanduka ntchito yeniyeni, chifukwa ukakwatitsa pachibale mosasamala ubwerera ku mavuto omwe aja a tiger woyera.

Pa ngaka ndiye ndimagawanika. Ndimaikonda kwambiri, ndipo anthu akufunika kuidziwa, poti mitundu yake yonse isanu ndi itatu, inayi ya mu Africa ndi inayi ya ku Asia, inaletsedwa kugulitsidwa pakati pa mayiko pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ku Johannesburg mu 2016 chifukwa cha kuphedwa kosaneneka. Koma ngaka ndi yovuta kuweta. Chakudya chake ndi nyerere ndi chiswe, imayenda usiku, imabereka mwana mmodzi, ndipo zambiri zimafa zikangosungidwa m'khola. Taipei Zoo ya ku Taiwan inatenga zaka zambiri ikuyesa zakudya isanayambe kuziswetsa, ndipo ku Europe mwana woyamba anabadwa mu 2023 ku Prague, kwa makolo ochokera ku Taipei komweko. Ngati gemu iika ngaka yoti ungoigula, kuiponya pa udzu n'kuithirira chakudya m'mbale ngati nungu, ndiye kuli bwino asaiike, chifukwa ikhala ikuphunzitsa ana bodza loopsa lakuti nyamayi ndi yosavuta kusunga. Akafuna kuiika, aiike movuta monga ilili: nyumba yamdima imene usana ndi usiku zasinthanitsidwa, khitchini yakeyake, wosamalira wodziwa, ndiponso alendo ochepa olowa mwakachetechete.

Tiger wanu uja sindikumutaya kotheratu, achimwene. Atabwera ngati nyama yopulumutsidwa kwa munthu amene ankaiweta molakwika, yofuna dokotala pafupipafupi ndipo yosaloledwa kubereka, ndingamumangire khola ndi manja awiri. Koma akatipatsa malo atatu okha, ine ndilemba mfuko, chiuli ndi condor.